Chitseko cha mlombwa chinang'aluka ku Moatize: kodi ndiikebe matabwa m'nyumba yanga?

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Ulongué m'boma la Angónia. Ine ndi bambo akunyumba tangotsiriza kumanga nyumba ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, zipinda zitatu ndi pabalaza. Mtima wanga uli pa matabwa. Ndikufuna siling'i ya matabwa, zitseko, makabati a kukhitchini, mwinanso kuyala matabwa pansi pabalaza. Koma zinthu ziwiri zikundiopsa. Choyamba ndi chiswe. Chachiwiri n'chakuti mng'ono wanga anagula chitseko cha mlombwa konkuno, n'kupita nacho kunyumba kwake ku Moatize, ndipo chisanathe chaka chinang'aluka mpaka munthu kumasuzumira panja. Alamu anga akuti anamupusitsa, sunali mlombwa weniweni. Ndichite bwanji kuti ndalama zanga zisalowe m'madzi?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi mawu a alamu anuwo, chifukwa ndi amene aliyense amathamangira kunena chitseko chikang'aluka. N'zotheka kuti mng'ono wanu anapusitsidwadi, pakuti masiku ano thabwa lililonse lofiirira likangopakidwa vanishi limasanduka umbila, dzina la mlombwa la m'masitolo, pakamwa pa wogulitsa. Koma ine mtima ukundiuza kuti mtengowo unali mlombwa weniweni, ndipo chimene chinalakwika ndi madzi. Chitsekocho chinakhomedwa matabwa ake asanaume, kenako chinatsitsidwa kuchoka kumapiri kupita kuchigwa. Ngakhale mlombwa, umene mwa mitengo yathu yonse ndi umodzi mwa yodekha kwambiri, sungapirire zimenezo.

Mtengo ukangogwetsedwa, gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake limakhala madzi, ndipo mitengo ina monga paini madziwo amafika theka. Madzi akamachoka thabwa limanyala. Silinyala m'litali, limanyala m'lifupi, n'chifukwa chake chitseko sichifupika msinkhu koma chimatsegula mipata pakati pa matabwa. Ndipo nkhaniyi siithera pa tsiku limene thabwa lauma. Thabwa limamwa ndi kulavula chinyezi moyo wake wonse, kutsatira mphepo ya malo amene lili. Mu February limatupa, mu October limabwerera. Chitseko cha matabwa ogundanizidwa, chotambalala masentimita 80, chikhoza kusintha ndi theka la sentimita kapena kuposerapo pakati pa dzinja ndi chilimwe ngati mtengo wake uli wosakhazikika monga bulugamu.

Tsono ganizirani chigawo chathu cha Tete mmene chilili. Tili ndi maiko awiri m'chigawo chimodzi. Inu ku Ulongué muli pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mvula yambiri, nkhungu m'mawa, June ndi July wovala majuzi. Phiri la Dómue lokha limapitirira mamita 2,000. Koma mukakwera galimoto n'kudutsa pa Mussacama kutsetsereka, m'maola ochepa muli ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, m'mphepete mwa Zambezi, kumene sikufika ngakhale mamita 200 ndipo mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40. Thabwa limene ku Angónia tinganene kuti lauma, ku Moatize likadali ndi madzi oti litaye. Chimodzimodzinso mobwerera: kabati yokhomedwa ku Tete mu October, yothina bwino, ikafika kwanuko mu February madilowa ake amakana kutseguka. Choncho anthu akakuuzani kuti amisiri abwino ali ku Tete, kagule kumeneko, kumbukirani kuti mipandoyo ikukakhala ku Ulongué. Matabwa aumire kumene akakhale, ndipo akhomedwere komweko.

Ine ndinaphunzira izi ndi manyazi. Ndili mnyamata, nditangoyamba kugwira pulena pandekha, bambo wina wa mumzinda anandipatsa ntchito ya tebulo lalikulu lodyera. Matabwa a mlombwa ndinawagula atangochekedwa masabata atatu, okongola, onunkhira. Ndinapala, kumata ndi guluu, kukhoma ndi masikuluwu mbali zonse kuti lisagwedere, kupaka vanishi katatu. Patapita miyezi iwiri bambo aja anandiitana. Akuti usiku anadzidzimuka ndi phokoso ngati mfuti, ana kulira, kuyatsa nyali n'kupeza tebulo lang'aluka pakati kuyambira uku mpaka uko. Ndinabweza ndalama, ndipo kuyambira pamenepo sindikhudza thabwa limene sindikudziwa tsiku limene linachekedwa.

Kuumitsa matabwa, kwa munthu wa ku Angónia, si chinthu chachilendo. Mwaona mmene alimi amaumitsira fodya m'chigafa. Palibe amene amayanika fodya padzuwa. Amafuna mthunzi ndi mphepo yodutsa. Matabwa n'chimodzimodzi. Anthu ambiri amawaimika chotsamira pakhoma padzuwa, ndipo kunja kumauma msanga m'kati muli madzi, thabwa n'kuyamba ming'alu ndi kupindika ngati bwato. Inu sankhani malo a mthunzi, pakhonde kapena m'chipinda chimodzi cha nyumba yatsopanoyo mawindo ali otsegula. Ikani njerwa pansi kuti mulu ukwere masentimita 30 kapena 40 kuchoka pa dothi. Gonekani matabwa mosanjikiza, ndipo pakati pa mzere uliwonse muike timitengo touma tofanana kunenepa, motalikirana pafupifupi theka la mita, kamtengo kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa kanzake ka pansi. Pamwamba pa mulu sanjikani njerwa kapena miyala yolemera. Kumapeto kwa thabwa lililonse pakani penti yotsala, chifukwa madzi amathawira kumapetoko mofulumira ndipo ndi kumene ming'alu imayambira.

Nthawi yake? Amisiri akale ankawerengera chaka chathunthu pa thabwa la mtengo wolimba lonenepa masentimita awiri ndi theka. M'nyengo yathu youma zimafulumirako, ndipo paini amauma m'miyezi yochepa, koma musadalire kalendala. Tengani thabwa limodzi la pakati pa mulu, mulilembe chizindikiro, muziliyeza pa sikelo sabata iliyonse, sikelo yomweyo yoyezera nyemba. Lembani manambala m'kope, ndinu aphunzitsi. Kulemera kukasiya kutsika kwa masabata atatu otsatizana, thabwalo lagwirizana ndi mphepo ya kwanuko. Alipo amisiri ena amene ali ndi kachipangizo kobaya m'thabwa koyezera chinyezi. Ngati mesitiri wanu ali nako, nambala yofunika pa ntchito ya m'nyumba ndi pafupifupi 12 peresenti. Pogula, ngati simungadikire sikelo, pemphani kuti adule kachidutswa pakati pa thabwa, mukaike m'pepala la pulasitiki lomanga bwino padzuwa kwa ola limodzi. Pepala likachita thukuta lambiri m'kati, thabwalo ndi laliwisi, kaya wogulitsa alumbire bwanji. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso madzi ena amene anthu amaiwala, a nyumba yeniyeniyo. Mwati mwangotsiriza kumanga. Pulasitala ndi simenti ya pansi zimasunga madzi ambiri ndipo zimawatulutsa pang'onopang'ono kwa miyezi. Mukakhoma siling'i ndi makabati m'nyumba imene makoma ake akadali ozizira m'manja, matabwa ouma bwino aja amwa madzi amenewo. Tsegulani mawindo, nyumba ipume kaye.

Tibwere ku mitengo. Mlombwa, umene m'masitolo ndi m'mapepala a boma umalembedwa umbila, uli ndi mbiri yake pa chifukwa chomveka. Ukauma bwino susuntha kwambiri, umapalika mosavuta, sulemera mopambanitsa, ndipo mtima wake chiswe sichiukonda. Mtengo wake mumaudziwa: ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, ndipo zipatso zake ndi zozungulira zokhala ndi minga pakati. Pa zitseko, mipando ndi matebulo, ine sindinapeze wouposa. Msambamfumu, umene timautchanso chanfuta, uja wa nthanga zakuda zovala kachipewa kofiira, ndi wolemera ndiponso wolimba kuposa mlombwa. Umabunthitsa zida ndipo msomali sulowa usanaboole, koma pa mafelemu a zitseko ndi mawindo, pa masitepe, paliponse pamene pamagundidwa tsiku ndi tsiku, ndiwo mwini wake. Mbawa, umbaua, wa m'mphepete mwa mitsinje, ndi wopepukirapo, wofiira mokongola, wabwino pa makabati ndi mabedi, koma pa chiswe ndi chinyontho sufika pa awiri aja, ndiye usagunde pansi. Tsanya wa kuchigwa, chanato uja wadzaza ku Changara ndi ku Mágoè, amene ambiri timangomudziwa ngati makala, ndi wolemera mpaka kumira m'madzi. Chiswe chimamulambalala. Koma kumupala ndi nkhondo, ndipo kawirikawiri sapereka matabwa aatali otambalala, choncho ntchito yake ndi mizati ya pakhonde, ziundo za pakhomo ndi tizidutswa toyala pansi.

Ndiye pali mitengo yodzala: paini, bulugamu, malaina. Anthu amainyoza, ati ndi ya osauka. Ine sindivomereza. Paini ndi wopepuka, wowala, wotsika mtengo, ndipo pa siling'i amaposa mlombwa, monga ndifotokozere. Vuto lake n'lakuti kwa chiswe ndi nsima ya ndiwo zankhuku, ndiye ayenera mankhwala. Bulugamu ndi wolimba koma wamakani, amang'aluka ndi kupotoka pouma, makamaka akadulidwa ali wamng'ono; musiyeni agwire ntchito ya mapaso ndi mitanda kudenga. Malaina akauma amakhala phee osapindika, ngakhale amachedwa kuuma kuposa mmene kupepuka kwake kumanamizira, ndipo pa mashelefu ndi m'kati mwa makabati amakwana.

Tsopano chinthu chimene chimapweteka anthu ambiri kuposa dzina la mtengo. Mukayang'ana chipika cha mlombwa kumapeto, muona pakati pofiirira ndi mkombero woyera kunja. Mbiri yonse ya mlombwa ili pa mtima wofiirirawo. Choyeracho ndi chakudya cha tizilombo tofumbwitsa mitengo, tija timasiya timabowo ngati ta singano ndi kaufa pansi m'mawa. Kale mitengo inali ikuluikulu ndipo ocheka ankataya choyeracho. Lero mitengo yaikulu yatha, akudula yaing'ono, ndipo thabwa limabwera theka lofiira theka loyera. Mmisiri wosakhulupirika amapaka choyeracho mankhwala a mtundu, n'kuphimba ndi vanishi, chitseko n'kumawala pamsewu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho musagule chitseko chopakapaka kale. Pitani kwa mesitiri muone matabwa asanapakidwe kanthu, ndipo ngati mwapeza chopangidwa kale, chitembenuzeni muone m'mphepete mwa pansi ndi pamwamba, kumene burashi kawirikawiri siifika. Musachite manyazi kukanda pang'ono ndi kampeni pamalo obisika.

Za chiswe, mantha anu ndi oona, koma chiswe chili ndi khalidwe limodzi lotithandiza: chimene chimaononga nyumba zathu chimachokera m'dothi, ndipo chimayenda mobisala m'tinjira tadothi timene chimamanga. Ntchito yanu ndi kuchichotsera njira yobisika. Zungulirani nyumba muchotse zitsa, zidutswa za matabwa zimene omanga anasiya, ndi mulu wa nkhuni wotsamira khoma. Matani ming'alu ya simenti, makamaka pamene pansi pakumana ndi khoma ndi pamene mapaipi alowera. Felemu la chitseko lisakwiriridwe m'simenti ya pansi monga omanga ambiri amachitira. Miyendo yake ithere pamwamba, itakhala pa kachitsulo kapena pa kachiundo ka simenti, ndipo kumbuyo kwake kogunda njerwa kupakidwe mankhwala ndi penti lisanalowe. Makabati akhale pa miyendo kapena pa chiundo, kuti tsache lizilowa ndi diso lizionako. Kamodzi pamwezi, makamaka mvula ikayamba ngumbi zikuuluka, yendani ndi tochi m'makona. Kanjira kadothi mukakaona, kaphwanyeni ndipo mukatsate kumene kachokera.

Pa mankhwala ndichenjeze zinthu ziwiri. Anthu amakonda kupaka oyilo wakuda wotsala mu injini. Pa nsichi za khola kapena mpanda ndi nkhani ina, koma m'nyumba yogona ana ayi: amanunkha kukatentha, amadetsa, penti sagwira, ndipo si wabwino pakhungu. Chachiwiri, paini wothiridwa mankhwala kufakitale, uja wooneka mobiriwira, ndi wabwino kwambiri kudenga ndi pa mitanda ya siling'i, koma mankhwala ake ambiri amakhala ndi poizoni wotchedwa arsenic. Zidutswa zake musasonkhezere moto wophikira, phulusa lake musathire kudimba, ndipo musapangire thabwa lodulirapo nyama. Pa matabwa a m'kati amene mvula siwafika, mankhwala a borax osungunula m'madzi amathandiza kuletsa kufumbwa, ndipo ndi ofatsa kwa anthu. Amalowa bwino matabwa akanyikidwa asanaumitsitse.

Siling'i ndiyo ndingakulimbikitseni ndi mtima wonse, ndipo ngati ndalama zili zochepa yambirani pamenepo. Nyumba ya malata yopanda siling'i ku Angónia imazizira usiku wa June, imadontha mame a pamalata m'mawa, ndipo mvula ikagwa simumvana. Matabwa amachepetsa zonsezi. Gwiritsani paini wopalidwa wolowetsana m'mphepete, amene amisiri kuno amati macho-fêmea. Timatabwa tikhale topapatiza, tosapitirira masentimita 10, chifukwa thabwa lopapatiza likanyala mpata wake suoneka. Tisungeni m'chipinda chimene tikakhomedwe kwa masabata awiri, ndipo tipakidwe mbali zonse ziwiri tisanakwere. Mukapaka pansi pokha, mbali ya kumalata imamwa ndi kuuma payokha ndipo thabwa limapindika. M'mphepete mwa khoma musiye mpata wa sentimita imodzi, wobisika ndi kathabwa kokongoletsa. Musiye kachitseko kokwerera kudenga. Mawaya a magetsi adutse m'mapaipi ake, osati kungogonekedwa pa matabwa, chifukwa makoswe akatafuna waya pamwamba pa paini wouma, nkhani yake mukuidziwa. Ndipo pakati pa malata ndi siling'i pazidutsa mphepo, mabowo ake otchingidwa ndi sefa ya waya kuti mileme isapezepo mudzi.

Chifukwa china chimene ndikunenera paini ndi kuwala. Nyumba zathu zambiri zili ndi mawindo aang'ono, ndipo magetsi si a tsiku lililonse. Mlombwa ndi msambamfumu zimadera zikamakalamba. Ndinalowapo m'nyumba ya munthu wandalama amene anakhoma mtengo wofiira kudenga, m'makoma ndi pansi, ndipo masana dzuwa lili pamutu munali ngati m'phanga. Mtengo wakuda umakongola ukakhala pafupi ndi khoma loyera. Ikani wowala kumwamba, makoma apakidwe laimu kapena penti yoyera, ndipo wofiirawo uonekere pa chitseko, pa tebulo, pa shelefu imodzi yaitali ya pabalaza. Ngati mukufuna khoma la matabwa, likhale limodzi lokha, la m'kati mwa nyumba losagundidwa ndi mvula kuseri, ndipo matabwawo akhomedwe pa timitanda kuti kumbuyo kuzidutsa mphepo. M'chipinda cha ana kapena pakhonde, nsungwi zong'alula nazonso zimapanga siling'i yokongola, bola zikhale zokhwima, zodulidwa m'chilimwe, ndi zonyikidwa m'madzi masabata angapo kuti zisafumbwe.

Pa zitseko, funsani mesitiri funso limodzi: kodi thabwa la pakati mumalimata ndi guluu? Akati inde, kafuneni wina. Chitseko chabwino chimakhala ndi felemu lake la matabwa anayi kapena asanu olumikizidwa molowetsana, ndipo matabwa otambalala a pakati amangokhala m'ngalande osamatidwa, kuti akatupa kapena kunyala aziyenda momasuka. Mukawamanga ndi guluu ndi misomali, mphamvu ya kunyala ilibe kothawira, ndiye thabwa limadzing'amba lokha. Ndi zimene zinachitikira tebulo langa lija. Pamwamba pa tebulo pamafunika kugwidwa ndi timatabwa kapena masikuluwu a m'mabowo otalikirapo, kuti pazitha kusuntha pang'ono. Chitseko chipakidwe mbali zonse zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo pansi ndi pamwamba, chifukwa m'menemo ndi mmene madzi okolopera amalowera. Cha mtengo wolemera chikhale ndi mahinjesi atatu. Ndipo mesitiri aziganizira mwezi umene akukhoma: akakhoma mu October asiye mpata wokwanira chifukwa chidzatupa, akakhoma mu February athinitse chifukwa chidzabwerera.

Kukhitchini samalani ndi makabati a m'sitolo opangidwa ndi utuchi wopanikiza. Amaoneka bwino tsiku logula, koma madzi akangolowa m'mphepete amafufuma ngati chigumu ndipo sabwereranso. M'nyumba zathu mmene timakolopa m'mawa uliwonse, sakhalitsa. Njira imene ndaiona ikupirira ndi kumanga chiundo ndi zipupa za kabati ndi njerwa, pamwamba simenti yosalala kapena matailosi, ndipo matabwa akhale zitseko ndi mashelefu okha. Pansi pa sinki pasatsekedwe kotheratu. Mbaula ya makala ndi chitofu zikhale kutali ndi thabwa lililonse, ndipo pamwamba pa malo ophikira pasakhale kabati.

Za kuyala matabwa pansi, mayi, apa ndikuletsani. Ndikudziwa kukongola kwa tizidutswa tija toyalidwa m'nyumba zakale za ku Beira ndi ku Maputo. Koma pansi pa matabwa pamafuna simenti youma kotheratu imene inayalidwa pa pulasitiki wotchinga chinyontho, ndipo nyumba zambiri za kwathu kuno zinamangidwa popanda pulasitikiyo. Dzinja la ku Angónia chinyontho chimakwera, tizidutswa timatupa n'kutukumuka, ndipo pansi pake chiswe chimayenda osaoneka. Onjezani matope a m'mapazi ndi chidebe chokolopera. Ngati simukudziwa chimene chili pansi pa simenti yanu, matani pulasitiki wa mita imodzi pansipo ndi tepi kwa masiku atatu; mukapeza kunsi kwake kwanyowa, yankho mwalipeza. Ikani matailosi kapena simenti yopaka polishi, muyalepo mkeka, ndalamazo zipite ku zitseko zabwino.

Zopaka sindichulutsa. M'kati mwa nyumba vanishi wosanyezimira kwambiri amaonetsa mtengo bwino ndipo sawonetsa zokanda. Pakani mopyapyala katatu, mukukwecha ndi sandipepa wosalala pakati, kusiyana ndi kamodzi kochindikala. Osapaka tsiku la mvula kapena la nkhungu. Kunja kumene kumawomba dzuwa vanishi amasupuka msanga, ndiye chitseko cha panja chimafuna khonde kapena penti. Mukagwiritsa mafuta a linseed, nsanza zopakira musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni chotambasula panja kapena zinyikeni m'madzi.

Sindingatseke pakamwa pa za kumene matabwawa akuchokera, chifukwa zikukhudza thumba lanu. Amene timayenda m'misewu ya Macanga, Chiúta ndi Marávia tinaona magalimoto a zipika akutuluka usana ndi usiku, ndipo n'chifukwa chake thabwa lotambalala la mlombwa lero lili ngati golide. Kuyambira 2017 dziko lathu linaletsa kutumiza kunja mitengo yosacheka. Mu 2018 boma linaletsa kudula nkula, mondzo ndi pau-ferro. Nkula yemweyo, amene ena amati mukula, analowa m'ndandanda wa pangano la maiko la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zingathe kutha, mu 2019, ndipo mu 2022 mitundu ya mlombwa, msambamfumu ndi mbawa ya mu Africa inalowanso, kutanthauza kuti malonda ake odutsa malire amafuna zilolezo zapadera. Kwa inu tanthauzo lake ndi ili: gulani kwa munthu amene ali ndi chilolezo, ndipo matabwa akamayenda pamsewu akhale ndi chikalata chake, guia de trânsito. Opanda chikalata akhoza kulandidwa panjira, ndipo amene amalira ndi wogula. Kuofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi ntchito zachuma m'boma lanu, akhoza kukuuzani mitengo imene ili yololedwa chaka chino ndi amene ali ndi zilolezo. Lamulo limanenanso kuti 20 peresenti ya msonkho wa zilolezozo ibwerere kwa anthu a m'dera limene mitengo yadulidwa, ndiye thabwa la usiku limabera mudzi womwewo. Mukaganiza zokagula paini kutsidya ku Dedza poti ndi pafupi, funsani kaye pa chipata cha Calómuè za mapepala ake musanalipire. Ndipo matabwa a motosera onenepa mbali imodzi, opyapyala mbali ina, amaoneka otsika mtengo koma theka lake limathera pa pulena.

Mukandifunsa ndondomeko, ndingati gulani matabwa mvula ikangotha, mu April kapena May, muwaunjike monga ndafotokozera, aume nyengo yonse yozizira pamodzi ndi nyumbayo. Paini wa siling'i adzakhala atakonzeka pofika August kapena September. Mlombwa ndi msambamfumu zisiyeni mpaka sikelo itavomereza, ngakhale zitatanthauza kuti chaka choyamba mugona ndi zitseko zongogwirizira m'zipinda. Pakhomo lalikulu pokha, poti ndi pa chitetezo, funani mmisiri amene ali ndi matabwa ake akale osungidwa, ndipo mumulipire mtengo wa kudikira kwakeko osanyinyirika.

Chitseko cha mng'ono wanu asachitaye. Pofika pano chataya madzi ake onse ndipo chazolowera mphepo ya ku Moatize, ndiye matabwa ake ndi abwino kuposa atsopano amene angagule. Asamate mng'aluwo ndi phala la utuchi ndi guluu, limagwa nyengo ikasintha. Apeze mmisiri kumeneko achichotse m'mwezi wouma, September kapena October, amasule matabwa a pakati, awongole m'mphepete mwa mng'alu ndi pulena, alowetsepo kathabwa kopyapyala ka mlombwa wouma ndi guluu, kenako abwezere matabwawo m'ngalande osawamata ku felemu. Akatha apake mbali zonse, pansi ndi pamwamba pomwe. Ndipo pamene chili chomasula, alamu anu abwere adzaone mtundu wa thabwa m'kati ndi kununkhiza zopalidwazo, adziwe ngati unali mlombwa kapena ayi.